Mankhwala opaka afiiritsa chilonda cha amuna anga, kodi tisiye?

Kalata yomwe ndasankha sabata ino yachokera kwa mayi wachitsikana wa ku Mangochi. Wapempha kuti dzina lake lisatuluke, ndipo ndaifupikitsa pang'ono.

"Ndakhala pabanja zaka 3 ndipo tili ndi mwana mmodzi. Amuna anga ndi a khungu la chialubino, amagwira ntchito ku Joni. Kwa miyezi yambiri anali ndi kachigamba kofiira paphewa, kokhakhala ngati mamba, kosamva mankhwala. Dokotala wa khungu ku Johannesburg anadulapo kachidutswa kukapima, n'kuwauza kuti ndi khansa ya pakhungu koma ya pamwamba, sinalowe m'kati. Anawapatsa mankhwala a m'timapaketi otchedwa imiquimod kuti azipaka masiku 5 pa sabata kwa masabata 6. Abwera nawo kuno kutchuthi. Ino ndi sabata yachitatu, koma pamalopo pafiira psuu, patupa, pakutuluka madzi ndipo pachita nkhanambo. Apongozi anga akuti mankhwalawa akudyetsa chilonda, tiwataye. Apeza kale munthu woti adzateme mphini n'kuthirapo mankhwala ake ootcha. Ine ndikakana akuti ndikufuna kupha mwana wawo kuti ndidye ndalama za ku Joni. Ndichite chiyani?"

Zikomo mayi polemba. Ndiyambe ndi yankho kenaka ndifotokoze. Mankhwalawo musataye. Lumo lisayandikire paphewapo, ndipo chinthu chilichonse chootcha chisathiridwepo. Koma sabata yomwe ino bambowo aimbire dokotala amene anawapatsa mankhwalawo, amutumizire chithunzi pa WhatsApp ngati n'kotheka, kapena apite kuchipatala cha boma akaonedwe. Akaona kuti n'kofunika adzawatumiza kwa madokotala a khungu monga a ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Ine chilonda sindingachione kudzera m'kalata. Chomwe ndingathe n'kukuuzani chifukwa chake pamalopo pafiira chotero, pakuti zimene mukuonazo ndi zimene mankhwalawa anapangidwira kuti achite.

Tonse tinamvapo za asilikali a m'thupi, aja amatchulidwatchulidwa pa nkhani ya HIV. Ntchito yawo n'kufunafuna chilichonse chachilendo m'thupi n'kuchiononga. Kachirombo kakalowa pabala amathamangira pomwepo, n'chifukwa chake bala limatentha, kutupa ndi kuchita mafinya. Tsono khansa ndi mdani wovuta, chifukwa sichokera kunja. Ndi khungu la munthu mwini wake lomwe lasokonekera n'kuyamba kukula mosalamulirika. Paja galu sauwa mwana wa pakhomo, ngakhale mwanayo ndiye akutha nkhuku m'khola. Asilikali aja amadutsa pa khansa tsiku ndi tsiku osaiona ngati mdani.

Imiquimod ndi mankhwala okuwa. Akalowa pakhungu amakhudza timaselo tomwe timalondera pamenepo, ndipo timaseloto timatulutsa timadzi toitana anzawo, tina timene madokotala amati interferon. Zili ngati munthu wakuwa pakati pa usiku kuti "wakubaaa!" Mudzi wonse umadzuka ndi zibonga. Wakuba amagwidwa, koma m'mawa mukadzuka mupeza mpanda wagwa, masamba a m'dimba apondedwapondedwa. Kufiira, kutupa, kuyabwa, timadzi ndi nkhanambo zomwe mukuona paphewa la bambowo ndiye mpanda wagwawo. Pa kafukufuku yemwe anachitika mankhwalawa asanavomerezedwe, anapeza kuti anthu omwe khungu lawo linakwiya kwambiri ndiwo ambiri anachira kuposa omwe khungu lawo linangokhala chete. Walira mvula walira matope, mayi.

Makolo anzanga, zimenezi si zachilendo kwa inu ngakhale mwina simunaziganizire. Kumbukirani katemera wa BCG yemwe mwana amabayidwa paphewa akangobadwa, woteteza ku chifuwa chachikulu. Pakatha masabata angapo pamatuluka kachithupsa, kamaphulika, kamachita nkhanambo, kenaka kamapola n'kusiya chipsera chomwe ambirife tili nacho mpaka lero. Kusikelo amatiuza kuti tisafinye, tisapake kanthu, thupi likugwira ntchito yake. Ndi agogo angati omwe anafunapo kutafunira mankhwala pa kachilonda kameneko, namwino n'kuwaletsa? Mfundo yake ndi yomweyo.

Nzeru yodzutsa thupi kuti limenye khansa pamalo pomwe yamera ndi yakale kuposa mmene ambiri amaganizira. Mu 1891 dokotala wa maopaleshoni wa ku New York, William Coley, anapeza m'mabuku a chipatala nkhani ya wodwala yemwe chotupa chake cha pakhosi chinazimirira atadwala nthenda yoopsa ya pakhungu yoyambitsidwa ndi mabakiteriya. Coley anayamba kubaya dala mabakiteriyawo m'zotupa za odwala ake. Zotupa zina zinaphwa, koma odwala ena anafa ndi nthenda yomwe anawabayayo, mpaka anasintha n'kumagwiritsa ntchito mabakiteriya ophedwa kale. Madokotala ambiri a nthawi yake sanamukhulupirire, ndipo njira yake inaiwalika pamene kunabwera makina ootcha khansa ndi mankhwala a m'mitsempha.

M'zaka za m'ma 1960 dokotala wina wa khungu, Edmund Klein, wa ku Buffalo ku America komweko, anaitsitsimutsa mwa njira ina. Ankayamba wapaka munthu mankhwala ena ake pakhungu labwino kuti thupi liwade, monga mmene thupi la ena limadanirana ndi ndolo kapena lamba wa wotchi. Thupi likawada, ankapaka mankhwala omwewo osungunula kwambiri pa khansa. Asilikali pothamangira mankhwala aja ankaononga ndi khansa yomwe. Mu 1972 analandira mphotho ya Lasker, imodzi mwa mphotho zazikulu za zachipatala ku America. M'zaka zomwezo Donald Morton ankabaya BCG, yomwe ija ya ana, m'timabungu ta khansa yoopsa ya pakhungu yotchedwa melanoma. Timabungu tambiri tobayidwa tinkaphwa, ndipo mwa odwala ena ochepa tinkaphwa ngakhale tomwe sanatibaye. Koma atayesa pa anthu ambiri anaona kuti BCG siitalikitsa moyo wa odwala melanoma, choncho lero BCG imagwira ntchito kwambiri pa khansa ya chikhodzodzo, komwe amaithira m'kati kudzera m'kapaipi.

Imiquimod anapangidwa ndi kampani ya 3M. Ku America anavomerezedwa mu 1997 ngati mankhwala a njerewere za kumaliseche, pansi pa dzina la Aldara. Mu 2004 ndi pamene anavomerezedwa pa zigamba zokhakhala zobwera ndi dzuwa, zomwe zikalekereredwa zina zimasanduka khansa, komanso pa khansa ya pamwamba yotchedwa superficial basal cell carcinoma. Ndikukhulupirira kuti dzina limeneli ndi lomwe lalembedwa pa pepala la bambowo, koma kayang'aneni. Ntchitoyi ikupitirira ndithu. Mu 2015 anavomereza mankhwala otchedwa T-VEC, omwe ndi kachirombo kaja kamatulutsa tizilonda pamlomo munthu akadwala, koma kosinthidwa ku labotale, ndipo amakabaya m'zotupa za melanoma. Amenewa mtengo wake ndi wa kumwamba, sitingawayembekezere pa chipatala cha kwathu kuno.

Tsopano ndinene zomwe ena sangakonde kumva. Mankhwala opakawa si mfumu ya mankhwala onse a khansa ya pakhungu. Ku Britain anafanizira kupaka imiquimod ndi kudula khansa pa opaleshoni, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2014. Patatha zaka 3, mwa anthu 100 aliwonse opaka, 84 anali bwino, pamene mwa odulidwa anali 98. Mpeni wa dokotala ukadali patsogolo. Kupaka kumasankhidwa pamene khansa ili yaing'ono, kawirikawiri yosaposa masentimita 2, ili pamwamba penipeni, ndipo yapimidwa n'kudziwika mtundu wake. Ubwino wake ndi woti munthu sagonekedwa pa tebulo ndipo chipsera chimakhala chochepa. Kuipa kwake ndi koti pamwamba pakhoza kupola bwinobwino pamene pansi patsala mizu. N'chifukwa chake akamaliza masabata 6 aja, bambowo ayenera kukaonedwanso patatha masabata pafupifupi 12, ndipo azikaonedwabe chaka ndi chaka ngakhale pamalopo patasalala ngati pa mwana.

Ndipo abale athu a khungu la chialubino amve bwino apa. Khansa yomwe imatha anthu ambiri pakati pawo ndi ina, yotchedwa squamous cell carcinoma. Imakonda kumaso, m'makutu, pamlomo, m'khosi ndi m'mutu. Imayamba ngati kachigamba kokhakhala, kenaka kabungu kolimba kapena chilonda cha m'mphepete motukuka chomwe chimatuluka magazi chikakhudzidwa. Imeneyi ikalowa m'kati mankhwala opaka sangaithe, imafuna kudula, ndipo kudula msanga. Choncho ngati mlamu wanu kapena mnzanu wa kutchalitchi ali ndi chilonda chooneka ngati cha bambowo, musamugawire timapaketi totsala. Mungamuchedwetse miyezi itatu akupaka, khansa ikulowa m'fupa. Zigamba zoyambirira zija kuchipatala amakonda kuziumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri, ntchito ya mphindi zochepa chabe.

Mwina apongozi angafunse kuti, ngati mankhwala a adokotala akuchititsa chilonda, akusiyana pati ndi a munthu wathu ootcha aja? Funso labwino, ndipo liyenera kuyankhidwa mwaulemu. Mankhwala ootcha, kaya ndi madzi a batire, kaya soda, kaya adyo wosinja womangirira usiku wonse, kaya utomoni wa mitengo ina, sasankha. Amadya khungu labwino ndi lodwala mofanana, ndipo palibe amene amadziwa kuti afika pati. Pamwamba pamauma n'kugwa, anthu n'kuombera m'manja kuti chatuluka, pamene khansa yatsala pansi pa chipsera ikufalikira mosaoneka. Ikadzatulukanso imakhala yakula, ndipo dokotala amavutika kuona malire ake chifukwa cha chipsera chija. Imiquimod payekha saotcha. Amene amagwira ntchito ndi asilikali a thupi la munthuyo, ndipo dokotala anayamba wapima kuti adziwe kuya kwa nthendayo. Kutema mphini pa khungu lotupa kale n'kutsegulira tizirombo khomo basi.

Kapakidwe kake kali ndi malamulo, ndipo ambiri amalakwitsa pamenepa. Amapaka usiku pokagona, pakhungu lotsukidwa ndi louma, pang'ono pokha mopyapyala, n'kusisita mpaka alowe. M'mawa, patatha maola pafupifupi 8, asambitsepo ndi madzi ndi sopo wosaluma. Osamangapo pulasitala wotseka mpweya. Wopakayo asambe m'manja asanapake komanso akamaliza, ndipo mankhwala asafike m'maso, m'mphuno kapena pamlomo. Kapaketi kakatsegulidwa, zotsala ndi zotaya. Tili ndi chizolowezi choganiza kuti kuchulutsa mankhwala ndiko kuchira msanga. Apa ayi, kuchulutsa kumangokulitsa chilonda. Pamalopo pasaombedwe ndi dzuwa, avale malaya a manja aatali. Ndipo mwana wanu asagone atatsamira paphewa lopakidwalo.

Pali malire a kupirira. Ngati ululu ukuwalepheretsa kugona, ngati chilonda chikukumbika kulowa pansi, chikutuluka mafinya onunkha, kufiira kukufalikira kutali ndi pomwe akupaka, kapena atuluka mwanabere wopweteka kukhwapa, aime kaye kupaka ndipo aonane ndi dokotala tsiku lomwelo. Madokotala amaloleza kupumira masiku angapo khungu likakwiya mopitirira, kenaka munthu n'kupitiriza. Kupuma kotero si kulephera. Ena amamvanso kuphwanya m'thupi, mutu ndi kutentha thupi ngati chimfine, chifukwa cha timadzi toitana asilikali tija. Koma kuno ndi ku Malawi, ndipo inu muli kunyanja. Thupi likatentha musangoti ndi mankhwala, kayezetseni malungo. Dziwaninso kuti pakapola pakhoza kutsala banga loyererako kapena lakuderako, makamaka kwa ife a khungu lakuda, ndipo mwa ena silichoka.

Kwa maanja achinyamata omwe apatsidwa mankhwala omwewa chifukwa cha njerewere za kumaliseche, ndisakubisireni kanthu. Mankhwalawa amafewetsa mphira ya kondomu mpaka kutha kung'ambika. Musakhale malo amodzi mankhwala ali pathupi, yambani mwasamba. Mayi amene ali woyembekezera, kapena akuganiza kuti mwina waima, kapena akuyamwitsa, auze dokotala asanayambe kupaka. Chimodzimodzi aliyense amene chitetezo chake chili chotsika, chifukwa mankhwala okuwa sathandiza kwenikweni ngati m'mudzi mulibe wodzuka.

Za apongozi anu, mayi, mawu akuti mukufuna kudya ndalama za ku Joni ndi opweteka, ndipo sindikuwaikira kumbuyo. Koma taganizani zomwe mayi amene analera mwana wachialubino m'dziko muno wadutsamo. Wamuteteza ku dzuwa, ku mawu achipongwe, ndipo m'zaka za 2014 kupita m'tsogolo, pamene anthu achialubino ankasakidwa ndi kuphedwa, mwina sankagona tulo. Lero akuona chilonda chikukula pa mwana yemweyo. Ndi mantha akuyankhulawo. Nkhondo imeneyi musaimenye ndinu. Bambowo ndiwo mwini thupi ndiponso mwini mayi, akhale pansi ndi mayi awo awauze okha kuti mankhwalawa anasankha ndi iwo pamodzi ndi dokotala. Tsiku lopita kuchipatala muwatenge apongoziwo, alowe nawo m'chipinda, afunse mafunso awo onse, amve ndi makutu awo. Mawu omwewo akachokera kwa mpongozi amakhala mwano, akachokera kwa wovala choyera amakhala malangizo. Zikakanika, ankhoswe alipo chifukwa cha zoterezi. Ndipo inu bambo, ngati mukuwerenga, musabwerere ku Joni mutasiya mkazi wanu akutchedwa mfiti pakhomo pa makolo anu.

Pali khansa ina ya pakhungu yomwe imationetsa mphamvu ya chitetezo cha m'thupi kuposa zonse ndatchulazi, ndipo ndi yofala kwathu kuno. Ndi Kaposi sarcoma, ija imatuluka ngati mabanga akuda kapena ofiirira m'miyendo, m'manja, nthawi zina m'kamwa, mwendo n'kutupa kulimba ngati mtengo. Dokotala Moritz Kaposi anaifotokoza mu 1872 ku Vienna, ndipo mu 1994 Yuan Chang ndi Patrick Moore anapeza kachirombo komwe kamaiyambitsa. Anthu ambiri ali nako kachiromboka osadwala, chifukwa asilikali amakapanikiza. HIV ikawafoola ndi pamene mabanga amatuluka. Chiyambireni ma ARV aulere m'zipatala za boma mu 2004, taona anthu omwe mabanga awo anazilala ndi ma ARV okha, chitetezo chitabwerera. Ena, omwe nthenda yafalikira, amafunika kuonjezera mankhwala a khansa a m'mitsempha. Apanso pamakhala msampha wofanana ndi wa mayi wa ku Mangochiyu. M'miyezi yoyambirira ya ma ARV, mabanga a anthu ena amayamba akula kapena kutupa, chifukwa asilikali adzuka n'kuyamba kumenya. Achibale amati mankhwala akumupweteka, asiye. Asasiye, koma abwerere kuchipatala mwamsanga, makamaka ngati akubanika kapena kutsokomola, chifukwa Kaposi ikafika m'mapapo imapha.

Inu a khungu lakuda amene mukuti nkhani ya khansa ya pakhungu ndi ya azungu ndi achialubino, vulani nsapato muyang'ane kuphazi. Kwa ife melanoma imakonda kunsi kwa phazi, pachikhatho ndi pansi pa chikhadabo, malo omwe dzuwa silifika n'komwe. Bob Marley anamupeza nayo mu 1977 pa chala chachikulu cha kuphazi, poyamba ankayesa bala la mpira, ndipo anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 36. Banga lakuda lomwe likukula, kusintha maonekedwe kapena kutuluka magazi pamalo amenewa si la kupaka chilichonse, ndi la kuchipatala.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'dziko muno, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana omwe ali m'manja mwa makolo ngati inu. Dzuwa lomwe limadzabala khansa pa zaka 25 limayamba kuononga khungu mwana akadali kumsana. Chipewa cha khonde lalikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza ku dzuwa ziyambe akadali wakhanda, ndipo ntchito za kumunda azigwira m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Kafunseni mafutawo kuchipatala cha boma, ndipo bungwe la APAM kapena la Standing Voice likhoza kukuuzani komwe kukuchitikira kiliniki ya khungu pafupi ndi kwanu. Kamodzi pa mwezi, pomusambitsa kapena pomumeta, yendetsani chala kuseri kwa makutu, pamphuno, pamlomo wa m'munsi, kumbuyo kwa khosi ndi pamwamba pa manja. Zigamba zoyambirira zimamveka ndi chala zisanaoneke ndi maso, zimakhala ngati mchenga womatirira pakhungu. Mukapeza chotero, kapena kachilonda komwe katha mwezi osapola, lembani tsiku m'buku lake la kuchipatala ndipo mupite nalo.